Chovala chothina pambuyo pa tummy tuck: chithine mpaka pati?

NaJere_Leicester

Moni amayi ndi asisi nonse muno. Ndimangowerenga za anzanga osalembako, koma lero zandifika pakhosi, ndiye ndati ndifunse kwa inu amene munadutsamo kapena mumagwira ntchito kuchipatala.

Ndinachitidwa opaleshoni ya pamimba ija amati tummy tuck, ku Istanbul, dziko la Turkey, ndipo pano ndili m'sabata yachitatu. Ana ndili nawo atatu, awiri omalizawo ndinachira pa opaleshoni. Chibadwire wachitatuyu mimba sinabwererenso. Khungu linagwera pamwamba pa chipsera chakale, pansi pake pankachita thukuta, nyengo yotentha n'kumasupuka. Minofu ya pakati nayo inali itatalikirana, moti ndikagona chagada n'kutukula mutu, zala zitatu zinkalowa bwinobwino pamwamba pa mchombo. Msana unkawawa tsiku ndi tsiku. Ndafotokoza zimenezi dala kuti wina asayambe kundilalikira za kunyada. Ndalama zake ndinasunga ndekha, za mashifiti a usiku.

Adokotala anacheka kuchokera pa fupa la chiuno ili mpaka linalo, anasoka minofu kuti igundanenso, anatulutsira mchombo pamalo atsopano, komanso anapopako mafuta m'mbalimu. Ndinatsitsimuka atandimanga lamba wamkulu woyera wa velcro, uja amati binder, timapaipi tiwiri totulutsa madzi tikulendewera. Atachotsa timapaipito ndi pamene anandiveka chovala chimene ndikulimbana nachochi. N'chakuda, chimayambira pansi pa mabere mpaka pamwamba pa mawondo, chili ndi zingwe za m'mapewa, kutsogolo kuli mizere itatu ya tingowe ndi zipi pamwamba pake, kunsi n'koboola kuti munthu uzitha kutaya madzi osavula. Malangizo anali achidule: usana ndi usiku kwa masabata 6, muzivula posamba pokha.

Kum'mawa chimandikwana bwino, sindidandaula. Koma ikamakwana 4 koloko madzulo mimba imafufuma n'kulimba gwa, tingowe timayamba kulowa m'thupi, mpweya sindiukoka mpaka pansi, ndimangopuma pamwambamwamba. Ndikadya mbamu zitatu zokha za nsima, chilungulira chafika. Ndikakhala pa sofa chovalacho chimapindika m'chiuno, ndipo ndikavula posamba ndimapeza mzere wozama wodutsa pamimba ponse, umene umatha ola lathunthu usanafufutike.

Zimene zandisowetsa tulo ndi ziwiri. Pakatikati, pansi pa mchombo, pamwamba pang'ono pa msoko, pali kamalo kofanana kukula ndi khobidi la 50p la kuno ku UK kamene kada kuposa khungu lonse. Sikapweteka, koma kunena zoona pamalo ponsepo sindimva kanthu, ndingadzitsine osadziwa. Kenako kumanzere chakumunsi, ndikadina ndi chala ndimaona china chake chikuthawira mbali inayo n'kubwereranso, zoonekeratu kuti muli madzi. Pachinena naponso patupa moti ndikudzichitira manyazi ndekha.

Ndinatumiza zithunzi pa WhatsApp kwa mtsikana wa kuchipatalako amene amatilankhula Chingelezi. Yankho lake: zonse zili bwino, pitani pa mzere wachiwiri wa tingowe, ndipo mugule kathabwa koika pamimba kuti pasalale. Adokotala eni ake sindinalankhulane nawo chibwerereni. Mnzanga wa kuntchito akuti ndigule faja ya ku Colombia, chovala china chothina chomanga mimba, yocheperako ndi saizi imodzi, ati chiuno chimaumbidwa panopa thupi likadali lofewa. Amayi anga ku Ntcheu, amene ndinangowauza kuti inali opaleshoni ya minofu, akuti ndimange chitenje mwamphamvu pamwamba pa chovalacho, ndipo m'mawa ndi madzulo ndizithowa ndi madzi otentha monga ankandichitira m'chikuta. Onse atatu akuti ndithinitse, pamene ine ndikulephera ngakhale kuyasamula.

Ndiye ndithandizeni abale. Chovalachi chimayenera kuthina mpaka pati? Usiku ndingachimasule, kapena kubwerera ku binder uja? Madzi ndikuwamvawa angaume okha ndikachilimbitsa? Komanso ine ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, mashifiti a maola 12, kutembenuza anthu pabedi, kukankha hoist, makina onyamulira odwala. Abwana ayamba kale kufunsa kuti ndibwerera liti, ndipo ndimaganiza kuti mwina nditavala chothina bwino ndikhoza kuyambako sabata yamawa pa ntchito zopepuka.

NaMbewe_nesi

Asisi NaJere, pepani ndi zowawazo. Ine ndine nesi, ndakhala zaka zambiri m'wodi ya anthu ochitidwa opaleshoni kuno ku UK. Si ine dokotala wanu ndipo mimba yanuyo sindinaione, koma pa zimene mwalembazi pali zina zosayenera kudikira mawa.

Musapite pa mzere wachiwiri. Kathabwako musagule, chitenje musamange. Ndikuuzeni chifukwa chake kuti musaone ngati ndikungokuopsezani.

Pochita opaleshoni imeneyi, dokotala amatukula khungu ndi mafuta ake kuchoka pa minofu, kuyambira pa msoko mpaka chakunthiti, kenako n'kulikokera pansi. Timitsempha tambiri ta magazi timene tinkachokera m'minofu kudzadyetsa khungulo timadulidwa pa nthawiyo. Khungu limatsala likudalira magazi ochokera m'mbali ndi kumtunda, ndipo malo amene magaziwo amafikako movutikira kuposa ena onse ndi omwe mwatchulawo, pakatikati, pansi pa mchombo, pamwamba pa msoko. Ndi pomwenso khungu lakokedwa kwambiri. Mukapanikiza pamenepo ndi tingowe, zipi kapena thabwa, timagazi tochepa tomweto mwatitsekera. Khungu limada, limachita matuza, kenako likhoza kufa n'kusanduka chilonda chotenga miyezi kuti chipole. Poti timitsempha tomvera tinadulidwanso, ululu umene ukanakuuzani kuti masulani kulibe. N'chifukwa chake zothowa ndi madzi otentha muziiwaliretu, ngakhale botolo la madzi otentha lija timagona nalo nthawi yozizira. Mukhoza kupsa mpaka kusupuka muli phee mukuonera TV.

Timapepala tambiri ta kuchipatala timati muziyang'ana kufiira. Pa khungu lathu kufiirako nthawi zambiri sikuoneka. Ife tiziyang'ana kuda kopitirira, kutuwa, kunyezimira, malo otentha kapena ozizira kuposa pozungulira, matuza, fungo ndi mafinya. Kamalo kanuko mwina ndi magazi chabe ogwera m'khungu, mwina ayi, ndipo chithunzi cha pafoni sichingasiyanitse. Imbani 111 lero, nambala ya thandizo lachipatala lachangu, kapena kwa GP wanu, dokotala amene munalembetsa kwa iye, ngati angakuoneni lero lomwe. Nenani mosabisa kuti munachitidwa abdominoplasty, dzina lachipatala la tummy tuck, kunja, tchulani tsiku lake, nenani za kamalo kakuda ndi za madziwo, ndipo mutenge mapepala onse amene anakupatsani ku Turkey. Mwina wina akakwinya nkhope pomva kuti munapita kunja, zimachitika, koma munthu amene chilonda chake chavuta sabwezedwa pakhomo.

Madziwo dzina lake ndi seroma, ndipo ndilo vuto limene timaliona kawirikawiri pambuyo pa opaleshoni imeneyi. Amasonkhana mu mpata umene watsala pakati pa khungu ndi minofu, makamaka timapaipi titachotsedwa. Akakhala ochepa thupi limawamwa lokha. Akakhala ochuluka, oyenda mukadina, amawapopa ndi jakisoni, nthawi zina kangapo, ndipo poti pamalopo pali dzanzi ambiri samva n'komwe. Kulimbitsa chovala sikuwachotsa. Mukawasiya nthawi yaitali akhoza kugwidwa ndi tizilombo, kapena thupi limapanga kathumba kolimba kowazungulira, kamene pena kamafuna mpeni wina kuti kachoke. Za pachinena musachite manyazi, ambiri amatupa pamenepo chifukwa madzi amatsikira kumunsi, makamaka chovala chikamafinya kumtunda kuposa kumunsi.

Tsono funso lanu lenileni. Tsamba la pa intaneti la NHS, bungwe la zipatala za boma kuno ku UK, limanena za kuvala chovala chotere kwa masabata 6, ndipo madokotala ambiri amazungulira pomwepo, ena kuchepetsako, ena kupitirira. Ntchito yake ndi kugwiriziza mimba, kuchepetsa kutupa, ndi kukuthandizani poyenda kapena potsokomola. Zoti chimaletsa seroma, madokotala eni ake sagwirizana, umboni wake ndi wofooka. Zoti chimaumba chiuno, pepani mnzanuyo, chiuno chinaumbidwa kale patebulo muli mtulo. Ndiye palibe chimene mukupindula popirira kubanika.

Muyeso umene timauza odwala ndi uwu. Dzanja lanu litatambasuka lizilowa pakati pa chovala ndi khungu popanda kulimbana. Muzitha kukoka mpweya mpaka pansi. Muzitha kudya. Timizere timene chasiya tizifufutika pakapita mphindi zochepa, osati ola. Miyendo isachite dzanzi. Ndipo muyesowu muziuchita madzulo pamene mwatupa, osati m'mawa. Chanucho chalephera pa zonsezi. Mpaka akuoneni, bwererani ku binder, chifukwa iye mumamasula ndi kumanga monga mwatupira, ndipo mphepete yake ya kumtunda isakwere pa nthiti. Mtsikana wa pa WhatsApp uja mumuuze kuti mukufuna kulankhula ndi adokotala amene anakuchekani, pa vidiyo. Munalipira.

China chimene chimandiopsa kuposa zonsezi ndi magazi oundana. Pa maopaleshoni okonza maonekedwe a thupi, iyi ili m'gulu la amene amabweretsa vutoli kwambiri. Minofu yosokedwa yawonjezera kale kupanikizika m'mimba, chovala chothina kwambiri chimawonjezeranso, ndipo magazi ochokera m'miyendo amabwerera mwaulesi. Onjezanipo ndege ya maola anayi. NHS imalangiza kuti munthu asakwere ndege kwa masiku 7 mpaka 10 pambuyo pa tummy tuck, koma ngoziyo sithera pamenepo, imapitirira kwa masabata angapo. Chitani izi pompano: vulani chovalacho, khalani pansi mphindi zingapo. Ngati kupuma sikukubwerera mwakale, kapena pachifuwa pakubaya mukakoka mpweya, kapena mtima ukuthamanga, musaimbe 111, imbani 999, nambala ya ambulansi. Mwendo umodzi ukatupa, katumba kuwawa kapena kutentha, pitani ku A&E, gawo la chipatala la matenda adzidzidzi, tsiku lomwelo. Muziyendayenda m'nyumbamo pafupipafupi, muzimwa madzi. Ngati pali amene amasuta, kaya ndudu kaya vape, asiye, chifukwa chikonga chimafinya timitsempha tomwe tatsalato.

Za ntchito, ayi asisi. Masabata 6 osanyamula zolemera, ndipo chovala sichigwira misoko ya m'minofu, chimangokunamizani kuti mwalimba. Inu ndi ine tikudziwa kuti kosamalira okalamba kulibe ntchito yopepuka. Agogo akamatsetsereka pa mpando simudzaima n'kumayang'ana, mudzawagwira. Pemphani fit note kwa GP, kalata yosonyeza abwana kuti simungagwire ntchito.

MakeChisomo_Jozi

Achemwali, anesiwa anena zachipatala, ine ndingowonjezera za m'nyumba. Ndinachitidwa yomweyo kuno ku Johannesburg, ndalama za m'thumba chifukwa medical aid inakana kuti ndi zokongoletsa. Adokotala anga anandiveka binder masabata oyambirira, kenako chovala chonga chanucho, ndipo chakumapeto anati masana okha. Iwo ankabwereza mawu amodzimodzi ulendo uliwonse, kuti chindigwire koma chisandifinye.

Choyamba, musavale pa khungu lenileni. Gulani mavesiti a thonje opanda msoko m'mbali, kapena muzivala chotembenuza kuti msoko ukhale kunja, mukoke bwino asachite makwinya, ndiye binder kapena chovalacho pamwamba. Ine yanga inali mu December, kutentha kwa kuno, thukuta linandiyambitsa tizilonda toyabwa m'mphepete mwa mabere, ndipo vesiti ndi imene inandipulumutsa. Mumangosintha vesiti kawiri pa tsiku, chovalacho chimakhala chouma.

Mukhale nazo ziwiri. Chimodzi sichikwana, chifukwa mukachapa mudikira maola ambiri muli chabe, mimba n'kutupa, pobwezera n'kukana kutseka. Muzichapa pamanja ndi sopo wosanunkhira, madzi ofunda pang'ono, musapotokole, muchikulunge mu thawulo n'kupondaponda kenako muyanike pamthunzi. Makina oumitsira zovala ayi, ndipo kwanuko musachiike pa radiator, mphira wake umafa.

Pogula china musayendere saizi ya diresi lanu. Tengani tepi, muyeze m'chiuno ndi m'matako madzulo, mufananize ndi tchati cha amene akugulitsawo. Ma faja a ku Colombia amabwera aang'ono kale, munthu wa M amapezeka akuvala L kapena XL, ndiye mnzanu akamati chepetsaninso ndikungogwira pakamwa. Ndipo ma waist trainer a zitsulo m'kati amene amagulitsidwa pa Instagram ndi chinthu china, musawayandikire panopa. Sankhani chotsekera m'mbali ngati chilipo, kuti tingowe tisadutse pa kamalo kanuko.

Mzere wa m'chiunowo umabwera chifukwa cha sofa. Mukamira mu sofa wofewa thupi limapindika pakati, chovala n'kupindika nalo. Ine ndinkakhala chotsamira chammbuyo, mapilo kumsana, pilo wina pansi pa mawondo, ndipo ndikadzuka ndinkalowetsa dzanja n'kuwongola popindikapo. Pogona chimodzimodzi, mawondo opinda. Ena amaika kasiponji kofewa m'kati kuti pasapindike, koma inu poti pali kamalo kokayikitsa, funsani kaye amene akakuoneniwo.

Povula posamba khalani pansi kaye. Mumasule pang'onopang'ono kuyambira kumtunda, mudikire. Ulendo woyamba ine chizungulire chinandigwira, maso kuchita mdima, mwayi mwamuna wanga anali pakhomo pa bafa. Ikani kampando ka pulasitiki m'bafamo. Mukatha kusamba muumitse bwino msoko ndi m'kati mwa mchombo mosakhula, mudziyang'ane pagalasi paliponse pamene simumva, mpaka m'mbali mmene anapopa mafutamo. Povala, gonani chagada pabedi, tingowe muyambire kumunsi.

Kutupa kwa madzulo musadabwe nako, kudzakhalapo ndithu. Ine ndinkadzuka mimba ili thyathyathya, pofika madzulo anthu mu taxi n'kumandisiyira mpando wakutsogolo poganiza kuti ndine woyembekezera. Zinatenga miyezi kuti zikhazikike. Mchere umawonjezera, ndiye usipa wouma, soseji, timakyubu tokometsera ndiwo, chepetsani kaye. Muzidya pang'onopang'ono kangapo m'malo modya mbale yodzaza. Ndipo ngati mukumwabe mankhwala opha ululu okhala ndi codeine, amadzimbitsa koopsa, mimba yodzimbidwa m'kati mwa chovala chothina ndi chilango. Funsani ku famase za lactulose, mankhwala ofewetsa chimbudzi, mudye mapapaya ndi masamba.

Pilo wamng'ono azikhala pafupi. Kuyetsemula, kutsokomola, kuseka, mumukanikizire pamimba. M'galimoto mumuike pakati pa mimba ndi lamba.

Chipsera musathamangire kupaka zinthu. Silikoni, kaya ya gel kaya ya tepi, imayamba chilonda chitatsekeka chonse. Ife akhungu lakuda zipsera zathu zimakonda kuda, ena zimatukuka, ndiye ngati kwanu kuli mtundu wa zipsera zotukuka muwauziretu adokotala. Chovala chokhula pa msoko chimawonjezera vutolo, n'chifukwa chinanso vesiti ija.

NaChisale_Zomba

Mwanawe NaJere, ine ndine mzimayi wachikulire, ana anga ndi msinkhu wanuwo. Za ku Turkey sindiyankhapo, thupi ndi lanu, ngakhale ife mimba ya uchembere sitinkaiona ngati matenda.

Ndingoikirako kumbuyo amayi anuwo, chifukwa ndaona ngati chitenje chanyozeka muno. Ife tikachira, apongozi kapena azakhali ankatimanga ngati mtolo wa nkhuni, ankatithowa m'mawa kusanache, ndipo tinkadzuka tili ndi mphamvu. Sanali opusa ayi. Koma zimenezo zinali za munthu wochira bwinobwino, khungu lake lili lathunthu. Mng'ono wanga anachira pa opaleshoni ku Gulupu, ndipo ngakhale amayi athu, amene sanapite kusukulu, sanamuike nsalu yotentha pa chilonda, ankamuthowa msana ndi miyendo basi. Ndiye amayi anu akukulangizani molingana ndi zimene munawauza. Mwawauza theka, akupatsani mankhwala a theka. Muwauze kuti anacheka kuchokera uku mpaka uku ndipo pamimba simukumva kanthu, muone ngati adzatchulenso madzi otentha. Adzakalipa tsiku limodzi, kenako adzayamba kukufunsani ngati mwadya.

Nanga pakhomopo muli ndi ndani? Ana atatu, kuchapa, kunyamula miphika, inu muli chowerama. Zimenezo ndi zimene ine ndikanayamba kufunsa.

NaJere_Leicester

Zikomo nonse, Mulungu akudalitseni. Ndabwera kudzakuuzani mmene zayendera.

Asisi NaMbewe, nditawerenga ndinavula nthawi yomweyo n'kukhala pamphepete pa bedi. Mpweya unabwerera wonse, mpaka ndinayasamula koyamba chibwerere. Ndinaimba 111, anandifunsa mafunso ambirimbiri okhudza miyendo ndi pachifuwa, kenako ananditumiza kuchipatala madzulo omwewo. Ndinadikira nthawi yaitali pa mpando wolimba, pilo wa MakeChisomo ali pamimba, koma anandiona. Palibe amene anandinyoza. Dokotala wachitsikana anangofunsa kuti ndani akundiyang'anira chibwerere, nditati palibe anapukusa mutu n'kupitiriza kulemba.

Madzi analimodi. Anapopa ndi sirinji yaikulu, achikasu oyera, osati mafinya, ndipo sindinamve kanthu monga munanenera. Mbali ya kumanzereyo inaphwa ndikuona. Akuti akhoza kubweranso, ndiye andipatsa tsiku loti ndikaonedwenso. Kamalo kakuda kaja anakayang'ana nthawi yaitali ndi tochi, anakadina, n'kundionetsa kuti chapakati pake panali kathuza kakang'ono kamene ine sindinakaone, ndendende pamene ngowe yomaliza inkagona. Akuti pakadali pano zikuoneka kuti ndi pamwamba pokha, koma akufuna kukaonanso. Aikapo bandeji yofewa, ajambula mzere wozungulira ndi cholembera kuti ndizione ngati kakukula, ndipo anena kuti pasadutse chilichonse cholimba. Chovala chakuda chija chili m'kabati. Ndili mu binder, vesiti m'kati, dzanja likulowa. Miyendo anaiyeza ndi tepi, ili bwino.

Fit note ndapempha, abwana ayankha ndi "ok" wouma, kaya. Ku Istanbul ndalemba kuti ndikufuna adokotala eni ake, mtsikana uja wangotumiza kamtima.

Amayi NaChisale, mwandilasa. Ndiwaimbira Lamlungu akachoka ku tchalitchi, nthawi imene amakhala okoma mtima. Pakhomo pali bambo a ana, koma amagwira usiku, ndiye mwana wamkulu wa zaka 14 ndi amene akuphika. Mayi wina wa kumpingo wayamba kubwera kudzathandiza kuchapa.

Funso lina laling'ono. Binder ameneyu usiku amakwera, ndimadzuka ali pa nthiti, kumunsi kuli pululu. Mumatani?

MakeChisomo_Jozi

Amakwera chifukwa mukumumangira pamwamba, komanso matako ndi aakulu kuposa chiuno, ndiye amathawira kopyapyala. Mumange mutagona chagada, mphepete ya kumunsi itsike mpaka iphimbe mafupa a chiuno ndi msoko wonse, ifike pamwamba pa chinena. Ngati ndi wa zigawo zitatu, chigawo cha kumunsi chigwire pang'ono kuposa cha kumtunda. Kenako valani kabudula wamkati wamkulu wofika pamwamba, wa thonje, pamwamba pa binder, amamugwira kuti asayende. Ine ndinkagula a saizi ziwiri kuposa yanga kuti lasitiki isalume.

NaMbewe_nesi

Mwachita bwino kupita asisi. Zimene anena MakeChisomo ndi zoona, kungoti potseka velcro muonetsetse kuti polumikizira pake pali chakumbali, osati pa bandejipo. Mdima wa kamaloko ukadutsa mzere anajambulawo, kapena mukayamba kumva kuzizidwa, thupi kutentha, kapena pakatuluka fungo, musadikire tsiku anakupatsanilo, mubwerere. Madzi akadzadzanso msanga chimodzimodzi. Ndipo mukapita kokaonedwako mutenge chovala chakuda chija m'chikwama, muwafunse ngati mudzachivalenso ndi liti, ayeze ndi maso awo.